Magolovesi a Bambo a Mapasa

Bambo a Mapasa anasema zitsulo zaka makumi awiri ndi zitatu pa makina amodzimodzi, aja a pakona pafupi ndi zenera losweka. Chipewa cholimba ankavala, magalasi ankavala, jombo ankavala. Magolovesi okha ndiwo ankavula asanayatse makina, ndipo panalibe wowauza kanthu.

Kenako kampani inabweretsa fomu yoyezera chitetezo. Kapitawo anayamba kuzungulira ndi cholembera, kupereka malikisi kwa aliyense, kuyambira wani mpaka faifi. Kapitawoyo anali mlamu wawo, munthu wabwino ndithu, koma woopa pepala kuposa moto. Mzere wina pafomupo unkafunsa ngati wantchito amavala magolovesi nthawi zonse. Miyezi iwiri yotsatizana Bambo a Mapasa anapeza wani, ndipo lamulo linkati kachitatu munthu achotsedwe pa makina.

"Alamu, muzingovala ndikamadutsa," kapitawo anawanong'oneza. "Ndikatembenuka muzivula. Anzanu onse amatero."

"Ndiye mukuyeza chitetezo kapena sewero?"

Zinawapweteka mtima kuti mlamu wawo yemwe akuwaphunzitsa chinyengo. Anatola golovesi, nalisomeka kunsonga ya ndodo, nayatsa makina. Atangoligunditsa pa chitsulo chozungulira, nsalu inakodwa, ndodo inathyoka kuti thyo, golovesi n'kukulungika lonse kuphethira kwa diso kusanathe. Amisiri onse anasiya ntchito n'kumayang'ana.

"Mukadakhala dzanja mmenemo, bwenzi mukulemba faifi?"

Kapitawo anati, "Ndaona, alamu. Koma fomuyi ilibe malo olembapo zimenezo. Akuofesi amangowerenga nambala."

"Lembani wani. Mulembe wamkulu, aziwoneka bwino."

Kapitawo analembadi. Mlongo wa Bambo a Mapasa, mkazi wa kapitawoyo, anabwera kunyumba kudzawadandaulira kuti amvereko, ana akadali pasukulu. Iwo anamuthirira tiyi, nkhani ya magolovesi osaiyankha n'komwe.

Lolemba anawapatsa tsache. Mmisiri wa zaka zonsezo anayamba kusesa zinyenyeswa za chitsulo pabwalo, mutu uli m'mwamba, akuimba mluzu. Madzulo okhaokha, podutsa pa makina awo aja atafunditsidwa lona, ndi pamene mluzuwo unkaduka. Amisiri atatu anauzidwa kuti atenge malowo, ndipo atatu onse anakana.

Mwezi utatha kapitawo anabwera pabwalo ndi fomu, osawayang'ana kumaso.

"Mwapeza faifi, alamu. Pa tsache magolovesi mukuvala."

"Imeneyo isungeni," anatero Bambo a Mapasa. "Sindisaina. Mudzabwere nayo mzere uja akaukonza."