Kapu ya pa Msomali

Salamat Masih anabadwa tsache likumudikirira kale kuseri kwa chitseko. Agogo ake ankasesa misewu ya ku Gujranwala, bambo ake chimodzimodzi, ndipo iye atangomera ndevu akuluakulu a mzinda anamupatsa msewu womwe ankasesa bambo akewo. Kuno, m'dziko la Asilamu ambiri, mwana wa Mkhristu wosauka safunsidwa kuti adzakhala ndani akakula, poti aliyense amadziwa kale.

M'mawa akamaliza kusesa ankakamwa tiyi pa kanyumba ka pakona. Kapu yake inali yayekha, yobenthuka mlomo, yopachikidwa pa msomali panja. Mwini malowo ankathira tiyi ali chapatali kuti ketulo isakhudze kapu ya wosesa, ndipo Salamat akamwa ankaitsuka yekha n'kuibwezera pomwepo. Zinkamupweteka, tisabise. Chomupweteka china n'choti tiyiyo anali madzi enieni, pomwe iye kunyumba ankaphika tiyi wa mkaka wa njati zoweta, wothira jinja, woti ngakhale apongozi ake ovuta aja ankapempha wina.

Atanena kuti akufuna kusiya tsache n'kuyamba kugulitsa tiyi pa kangolo, mlamu wake Boota anaseka mpaka kutsamwa chapati.

"Alamu, mutu ukuyenda koma? Ndani amwe tiyi wa dzanja la tsache? Ngakhale mbuzi ingakane!"

Mkulu wa mpingo naye anamuitanira pambali. "Mwana wanga, Mulungu anakupatsa kale chochita. Usamuyese."

Mawu olasa kwambiri anachokera kwa mkazi wake, Shamim, chifukwa anali oona. "Bambo a Sonia, ntchito ya boma mukaisiya sibwerera. Ana azidya chiyani, masalimo?"

Masalimowo Salamat ankawakondadi, ankawayimba posesa mpaka fumbi kumulowa kukhosi. Anayankha mofatsa: "Mayi a Sonia, Ambuye Yesu ankadya ndi aliyense mbale imodzi. Ine ndikungofuna kuwathandiza kuthira tiyi."

Boota ataona kuti munthuyu watsimikiza anabwera ndi nzeru. "Ndiye pitani dera lomwe sakudziwani. Kamtanda ka m'khosiko muvule, dzina musinthe." Salamat anavuladi kamtandako, koma n'kukapachika kutsogolo kwa ngolo, ndipo ngoloyo anakaimika mu msewu womwe ankasesa uja, pomwe ngakhale agalu ankamudziwa. Makani ake analipo, ndipo ine sindinganene kuti zonsezo zinali nzeru.

Masiku oyamba anali owawa. Ankabwera ndi osesa anzake okha. Ena onse ankanunkhiza jinja n'kupitirira. Mkaka wotsala unkasasa, Shamim n'kuupanga chambiko, banja lonse n'kudya chambikocho mpaka ana kuyamba kulira akangochiona. Shamim sananene kuti ndinakuuzani, koma mbale ankaziika pansi mwamphamvu.

Tsiku lina panaima Ghulam Rasool, mdala woyendetsa kabaza wa njinga yamoto ya matayala atatu, Msilamu wokonda shuga kuposa moyo wake. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa m'thumba kapu yake yokulunga m'kansalu.

"Usandione moipa, Salamat. Ndi mmene tinakulira."

Salamat anamva ngati wamenyedwa mbama. Ngakhale pa ngolo yake yomwe! Anatchula dzina la Ambuye chamumtima, n'kuthira.

Mdalayo anapsontha kamodzi, kawiri. "Iwe, zaka zonsezi manja amenewa umawawononga ndi tsache? Onjeza shuga."

Anayamba kubwera m'mawa uliwonse ndi kapu yake, uku akudandaula kuti imamubaya m'nthiti akamayendetsa. Salamat anatenga msomali n'kuukhomera m'mbali mwa ngolo.

"Muzipachika apa, a Rasool. Za msomali ndimazidziwa ine, sugwetsa kapu."

Sananene monyoza. Koma Rasool anali atamuona Salamat kwa zaka zambiri akutsuka kapu yobenthuka pakona paja. Anapachika kapu yake, ndipo tsiku limenelo shuga sanapemphe.

Nyengo yozizira itafika, chifunga chitaphimba msewu, Rasool anabwera akunjenjemera pamodzi ndi anzake awiri a kabaza. Salamat anatambasula dzanja kuti atsitse kapu ija, koma mdalayo anamugwira mkono, anthu akuona.

"Isiye. Thira m'makapu omwe amamwera osesa anzakowa."

Mmodzi wa anzakewo anati, "Amalume, mwaiwala kuti uyu ndi ndani?"

"Ndi wa tiyi. Ukumwa kapena ukulalikira?"

Mmodzi anamwa, winayo anachoka. Mpaka lero alipo omwe amalambalala ngoloyo, ndipo Salamat sanalemere ayi. Koma mkaka susasanso, ana anasiya kulirira chambiko, ndipo Boota amabwera kudzamwa waulere uku akunena kuti maganizo onsewa anali ake.

Shamim, yemwe tsopano amathandiza kutsuka makapu, anafunapo kuzula msomali uja chifukwa unamung'ambira mpango. Salamat anakana. Kapu ya Rasool ikadali pomwepo, youma, ndipo kangaude wamangamo nyumba.