Mkamwana wa Pasitima

Maganizo opita kukagwira ntchito pa sitima yapamadzi ndinawamanga ndikutsuka mbale pa resitihausi ina pa Chitipa Boma, manja atatuwa ndi sopo. Mwamuna wanga anali atamwalira, mwana wathu Lusungu ali ku pulaimale, ndipo malipiro anga ankatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Mnzanga wina wa geni ya zitenje ku Dar es Salaam anandiuza kuti kumeneko kumabwera anthu olemba ntchito operekera zakudya m'masitima akuluakulu, onyamula anthu okasangalala panyanja yamchere. Chingerezi cha Fomu 4 ndinali nacho, Chiswahili cha pamsika ndinali nachonso. Ndinati ndipita basi, zina zikaoneka konko.

Chovuta chinali Lusungu. Kwathu ku Nthalire mwana ndi wa kuchimuna, poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye sindikanangomunyamula ngati chikwama. Ndinayenera kukatsanzika kwa apongozi. Kwa amene sadziwa za kwathu, mkamwana sayankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso, sawapatsira chinthu m'manja, komanso saima chilili pamaso pawo. Choncho ndinagwada chapatali pafupi ndi nkhokwe. Amama, apongozi anga aakazi, anakhala pakati, ndipo adada, apongozi aamuna, anakhala pa mpando wawo akuyang'ana kuphiri. Ine ndinkauza amama, amama n'kubwereza kwa adada, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

Adada atamva zonse anati, “Muwauze anyina Lusungu kuti ntchito yoperekera mowa kwa amuna achilendo ife sitiidziwa. Ngati akupita apite, kweni mwana atsala pano. Za mwana tidzakamba eni akefe.”

Ankhazi, mlongo wawo wa adada, anali akusenda nyemba pambali. Iwo ndiye sanafune wowabwerezera mawu. “Mkazi akapita pamadzi sabwerako ali mkazi wa pamudzi, yayi,” anatero. Ndinasiyira amama kafoni kanga kakale, m'mawa mwake n'kukwera lole.

Miyezi yoyamba pa sitima sindiifunira munthu. Ndinkasanza ngati woyembekezera. Chipinda chathu antchito chinali pansi penipeni, chopanda windo, ndipo ndinkagona ndi mayi wina wa ku Philippines amene nayenso anasiya ana kwawo. Tinkalira mosinthana, wina akamalira wina akusita yunifomu. Mapazi ankatupa ndi kuimirira, koma kwa alendo umayenera kumwetulira ngati wangodzuka kumene. Anthu anali pikitipikiti paliponse, nyimbo, magetsi, fungo la nyama, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wondipatsa monire wa kwathu. Kusungulumwa pakati pa chinamtindi cha anthu kumawawa kuposa kukhala wekha kumunda. Ndinkangodziuza kuti walira mvula walira matope.

Ndalama yokha ndiye inalipo, ndisaname. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ya feteleza, ya sopo ndi ya sukulu ya Lusungu, ina n'kusunga. Ndinkatumizanso mauthenga amawu pafoni. Kumudzi netiweki inkapezeka pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa khola la adada, ndiye Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amama ndi Lusungu ankakwera pachulupo kukandimvera. Makutu a amama ndi olemera, choncho foni ankaikweza mpaka pamapeto.

Ndikanawauza chiyani? Za misozi ayi, akanadwala nazo. Ndinkawasimbira za alendo athu, poti kumeneko ndiye kunali zoseketsa. Munthu amagula tikiti yotsika mtengo n'kumadzitama kuti zonse zalipiridwa. Zoona, chipinda ndi chakudya cha m'holo yaikulu zimakhala m'tikitimo, ngakhale utadya mpaka lamba kuduka. Koma zakumwa n'zapadera, intaneti n'njapadera, chithunzi chimene akujambula polowa n'chapadera, ndipo tsiku lililonse amakuwerengera kangachepe kothokozera antchito, ufune usafune. Pa sitima sagwira ndalama m'manja, umangoonetsa khadi, ndiye suona kuti thumba likubooka. Tsiku lotsika bilu ikabwera, ndinaonapo bambo wamkulu ndi mimba yake atakhala pamasitepe, manja ali m'mutu. Alendo ochenjera ankafunsa kaye asanalandire chilichonse. Ankatenga chipinda chamkati chopanda windo, poti m'chipinda umangogonamo, n'kumamwa madzi ndi tiyi wa kumalo odzitengera wekha chakudya, amene salipiritsa.

Za kumtunda nazo ndinkasimba. Sitima ikaima pa doko, kaya ku Zanzibar kaya ku Mombasa, alendo amatsika kukaona tauni. Ulendo wokonzedwa ndi a sitima ndi wodula, koma basi yanu ikachedwa sitima imakudikirani. Ukapita pawekha umasunga ndalama, makamaka ukayenda pang'ono kuchoka pageti n'kukanenerera takisi kutsogolo, koma ukachedwa zako zada. Nthawi yoyendera ndi ya pa wotchi ya sitima, osati ya m'tauni, poti nthawi zina zimasiyana. Tsiku lina tinasiya banja lina pa doko, likuthamanga ndi zibangili zomwe linagula, likukupiza zipewa, ife tikutalikira. Lusungu anandiyankha akuseka mpaka kutsamwa, amama kumbuyo akungoti, “Mwe! Mwe! Sono anagona kuti?”

Lero ndikamaima pa kauntala ya kamalo kanga kodyera pa Boma, anthu amandifunsa ngati ndinkadya za azungu tsiku ndi tsiku. Ndimawauza kuti mpunga wa antchito unali mpunga basi, ndipo ndinkalota nyemba za kwathu. Sakhulupirira. Amaganiza kuti ndikubisa kukoma kuti asapiteko.

Ndinatha zaka zingapo ndikusaina kontirakiti ina ikatha ina. Kenaka kunabwera uthenga wamawu wochokera kwa mwana wanga. Lusungu anali atasankhidwa kupita ku sekondale, koma ankayankhula monong'ona. Anati ankhazi abweretsa bambo wina wa chigayo, wamitala, ndipo ng'ombe zake zalowa kale m'khola la adada ngati chikole. Ankhazi ankati mwana wopanda mayi pakhomo ndi bwino akhale pabanja asanawonongeke. Adada anali asananene kanthu. Kontirakiti yanga inali itatsala pang'ono kutha, ndipo sindinasainenso ina. Ndinatsikira ku Dar es Salaam, n'kukwera basi ya ku Mbeya, n'kulowera ku Chitipa mtima uli m'mwamba njira yonse.

Lole itanditsitsa ku Nthalire, fumbi lili mpaka m'nsidze, chinthu choyamba kuona chinali ng'ombe zachilendozo, zonenepa bwino, zikubzikula m'khola ngati kwawo. Lusungu anali atatalika kundiposa. Tinakumbatirana. Amama anandiuza kuti abale asonkhana tsiku lotsatira kudzamanga nkhaniyo, ndipo ine monga mkamwana ndidzaphika.

Ndinaphika ndi mtima wonse, mpunga, nkhuku ndi chindongwa, thobwa la kwathu lija. Ndinkadziwa kuti pabwalo mawu anga alibe malo, ndiye ndinafuna aone kuti manja anga akadali a pamudzi. M'mutu ndinkangobwereza zomwe ndidzapemphe amama kuti andinenere. Mwina n'chifukwa chake thupi linachita zake lokha. Zaka zonsezo ndinaphunzitsidwa kuti wamkulu wa patebulo ndiye woyamba kumupatsa, uime mowongoka, umuyang'ane kumaso, umwetulire. Ndinanyamula thireyi padzanja limodzi m'mwambamu, n'kudutsa pakati pa amuna onse, n'kukaima pamaso pa adada. Ndinaika mbale patsogolo pawo, kapu ya chindongwa n'kuwapatsa m'manja, n'kunena mokweza kuti, “Mudye bwino, bwana.”

Onse pabwalo anatembenukira kwa ine. Ndinazindikira zomwe ndachita kapu ili kale m'manja mwawo. Ndinagwada pomwepo, koma madzi akatayika sawoleka.

Ankhazi anaomba m'manja kamodzi. “Mwaona? Si ndinanena ine? Mkamwana kuimirira apongozi ngati msilikali! Sono mwana timupereke kwa munthu wotere, akamuphunzitse vichi?”

Ndinayang'ana pansi, misozi ili m'maso. Ndinkaona Lusungu akupepeta ufa kuchigayo cha bambo uja chifukwa cha kapu imodzi. Adada anayang'ana chindongwa chija. Kenaka anatembenukira kwa amama.

“Muwafunse anyina Lusungu,” anatero pang'onopang'ono. “Chakumwachi chili m'tikiti, panji n'cholipira padera?”

Woyamba kuphulika anali Lusungu, kuseri kwa khitchini. Kenaka amama, kenaka amalume ena awiri amene ndinkaganiza kuti sadziwa n'komwe kuti sitima n'chiyani. Mmodzi anafuula kuti, “Musalandire musanafunse, akulu! Bilu imabwera tsiku lotsika!” Ine ndinadabwa kuti zimenezi azidziwira kuti. Ndinayankha kudzera kwa amama kuti chili m'tikiti. Adada anagwedeza mutu n'kumwa.

Atapukuta pakamwa anayankhula, akuyang'anabe kwa amama. “Alongo anga akuti pamadzi pamawononga. Ine ndamvera mawu a mkamwana wanga zaka zonsezi, sindinamvemo mowa ngakhale tsiku limodzi. Ndinamvamo munthu woyang'ana mtengo asanagwire chinthu. Watsika m'madoko onse aja, sitima sinamusiyepo. Munthu wodziwa kubwerera nthawi yake sangataye mwana.” Analoza kukhola ndi chibwano. “Ng'ombe izo n'zokongola nadi. Kweni zili ngati tikiti yotsika mtengo, zolipira zake zili kumbuyo, ndipo wolipira ndi Lusungu. Mwana apite ndi anyina ku Boma, akaphunzire.”

Ankhazi anayesa kutsegula pakamwa, koma adada anali atayamba kale kunyema nkhuku, ndipo kwathu wamkulu akayamba kudya nkhani yatha. Ine ndinakwawa chobwerera mpaka kukhitchini. Kumeneko ndinalira, kenaka ndinaseka, kenaka ndinaliranso. Chimwemwe chake sindinachimvepo chibadwire.

Tikutsuka mbale, amama anandiululira. Anati kuyambira Lamulungu loyamba lomwe, iwo akamakwera pachulu ndi foni, adada ankapeza kuti khola lathyoka mbali ya kuchulu. Ankatenga chingwe n'kukamanga mtengo womwewomwewo, atatembenuza msana, poti sakanakhala pansi kumvera mawu a mkamwana. “Khola lonse likugwa,” anatero amama akupukuta misozi ya kuseka, “kweni mbali imene ija ngakhale njovu singathyole.” Lolemba lake adada ankapita pa bawo kusitolo n'kukaphunzitsa anzawo za masitima. Madoda amene sanadutsepo Karonga ankakangana mpaka kutukwanizana, ena akuti ndi bwino kukwera basi ya a sitima, ena akuti takisi yonenerera. Nkhani ya banja losiyidwa pa doko inafika mpaka mu ulaliki. Ndipo munthu akati mkamwana wawo ali ku mabala, adada ankanyamuka pa bawo osamaliza masewero.

Ndinafunsa chifukwa chake analola ng'ombe kulowa m'khola. Amama anati ankhazi anazilowetsa adada ali kumaliro, ndipo kubweza chikole cha munthu popanda mayi wa mwana pakhomo kukanaoneka ngati akusungira mwanayo mayi amene sadzabwera. “Ankakudikira iwe,” anatero. “Ankati abwera, nthawi amaidziwa.”

Ine ndinachoka ku Nthalire ndikuganiza kuti ndasiya anthu ondiweruza, ndipo zaka zonse zija m'chipinda chopanda windo ndinkadziona ngati ndilibe wanga. Sindinkadziwa kuti mdala amene sanandiyang'anepo kumaso ankayenda nane doko ndi doko, ali chiimire kuseri kwa khola ndi chingwe m'manja. Lusungu pano ali Fomu 3, ndipo akaweruka amandithandiza kuperekera makasitomala. Adada akabwera ku Boma kuchipatala amadzadya kwathu, koma mbale amawapatsa ndi Lusungu, ine ndili kukhitchini. Kulakwitsa kamodzi n'kokwana.

M'mawa wa tsiku lomwe ine ndi Lusungu tinanyamuka ku Nthalire, tili pamsewu kudikira lole, katundu wa Lusungu ali pansi, ndinamva mabelu a ng'ombe. Anali adada, atavala jekete lawo la kutchalitchi, akukusa okha ng'ombe za bambo wa chigayo kubwerera kwa mwini wake. Sanatume munthu. Anasankha njira yodutsa pasitolo kuti aliyense aone. Amayi amene anali pamjigo anasiya zidebe, wina n'kuyamba nthungululu, ine n'kulandira ndi mawu anga onse. Atafika pafupi ndinagwada m'mbali mwa msewu. Sanandiyang'ane. Anangomenya ng'ombe yakutsogolo pang'ono ndi kamtengo, n'kuiuza mokweza kuti ndimve:

“Yenda iwe, kwanu. Mwana akupita kusukulu.”