Mpata wa Mano a Wokonza Njinga

Azakhali anga apanga mano oikirira kwa zaka makumi atatu, m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala cha mano. Kale ankagwiritsa ntchito zikombole za pulasitala, ndipo ankafika kunyumba atayera mbuu ngati wa kuchigayo. Kenako kunabwera kakamera kojambula m'kamwa. Dokotala akakayendetsa pa mano a munthu, nsagwada yonse imaoneka pa kompyuta, n'kumaitembenuza mmene ukufunira. Azakhali anadandaula mwezi wathunthu kuti galu wamkota sakandira pachabe, koma iwo awakanditsa pagalasi. Lero mbewa ya kompyutayo, kachipangizo kolozera zinthu pagalasipo, saibwereketsa kwa munthu.

Chimene ndimawakondera n'chakuti sakhulupirira chinthu chowongoka kwambiri. Amati kompyuta ili ngati mpongozi watsopano: imasesa ndi pomwe sanaitume.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wokonza njinga, amene anagwa n'kuguluka mano awiri akutsogolo. Dokotala, mtsikana waulemu wake, anajambula m'kamwa, ndipo kompyuta inakonza mano atsopano ogundana bwinobwino. Anamuonetsa bamboyo manowo pakompyutapo. Iye anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi okongola, koma mawu ake anali ozizira.

Azakhali, amene anabwera kudzayeza mtundu wa mano, anamva kuzizirako. Anapempha chithunzi chakale. Bamboyo anatulutsa chiphaso cha kuntchito, ndipo pachithunzi chake, pakati pa mano panali mpata woti njere ya mpunga n'kudutsa. Atamufunsa ngati ankaukonda mpatawo, anayamba wazungulira, kenako anaulula. Mkazi wake anasiya kuona zaka zisanu zapitazo. Bamboyo akamaweruka ankaimba mluzu pageti kudzera pampatapo, ndipo mayiyo ankadziwa kuti ndi mwamuna wake, n'kutsekula chitseko. Chigwereni, mluzu sukutuluka. Amagogoda, mkazi n'kumafunsa mwamantha kuti ndani, ngati kwabwera mlendo.

Dokotala anati mano ogundana savuta kutsuka. Azakhali anavomera, koma anakhala pampando, n'kugwira mbewa ija, n'kuyamba kutalikitsa mano awiriwo pang'onopang'ono, maso ali pachiphaso.

"Pamenepo, bambo?"

"Onjezani pang'ono, mayi. Eya, ameneyo ndine."

Atamuika manowo patapita sabata, anayesa mluzu m'chipinda momwemo koma m'kamwa munangotuluka mphepo. Azakhali anamuuza kuti lilime liyenera kuzolowera nyumba yatsopano. Kunena zoona, azakhaliwo anada nkhawa, ndipo masiku amenewo sankadya bwino.

Lachisanu lina masana, ali pa kompyuta, anamva mluzu wakuthwa pakhonde. Anatuluka. Bambo uja anaima pamenepo, mkazi wake atamugwira pamkono.

"Ndinu amene mwandibwezera phokosoli?" anafunsa mayiyo.

Azakhali anavomera. Mayiyo anafufuza dzanja lawo, n'kuligwira ndi manja onse awiri.

"Dzulo sindinafunse kuti ndani."