Tonse Tilukire Mimba ya a Kalaliki?

Lachiwiri lapitali ndinakweza dzanja kuvomereza chinthu chopusa, ndipo mpaka lero ndikaliyang'ana dzanjalo ndimachita manyazi. Ndikuuzani mmene zinayendera. Sekani, koma musaseke kwambiri, chifukwa enanu mukadakweza manja onse awiri.

Pano pa Ntcheu tili ndi kagulu ka amayi oluka. Timakumana Lachiwiri masana pakhonde la sukulu, ena ndi singano zogula, ambirife ndi masipoko a njinga onola pamwala. Adatiyambitsa ndi Dona wina, mkazi wa mzungu wa ku boma. Mwezi watha Donayo anapita kwawo kukapuma, ndipo pochoka anasiya buku la mapatani ndi tepi yoyezera m'manja mwa a Nangozo, akazi a kalaliki wamkulu. Chilandirireni zinthu ziwirizi, a Nangozo amayankhulira m'mphuno, ndipo akuti tiyi wopanda sosa sawadutsa pakhosi.

Dona anasiyanso mawu. Akadzabwera kudzakhala chionetsero ku boma, ndiye aliyense aluke juzi ya amuna ake, patani imodzi, ulusi umodzi, kuti zikaoneke bwino pamzere. Ntchito ya tsikulo inali kusankha pataniyo ndi ulusiwo.

Ndati kusankha? A Nangozo anabwera atasankha kale. Anatsegula buku pa tsamba lomwe anapinda, nalikweza m'mwamba kuti tonse tione koma wina asaligwire. Pachithunzipo panali mzungu ali ndi kaliwo pakamwa, galu pambali, kumbuyo kwake dziko lonse lili mbee ndi chisanu cha kwawo. Juzi yake inali yoyera, yochindikala, khosi lofika m'makutu.

"Iyi ndiye ya anthu otsogola," anatero a Nangozo. "Ulusi woyera uli kusitolo kwa mmwenye. Aliyense akagule womwewo."

Woyera, abale! Kuno kwathu, kumene fumbi la mumsewu limakupeza ngakhale utatseka chitseko? Ndinaona m'maganizo amuna anga atavala juzi yoyera, mwana wa mamina akuwathamangira ndi manja a mbatata yootcha. Ndinaziona zonsezi, koma pakamwa ndinatseka.

Amene anatsegula pakamwa ndi a Namaseko. Mayi ameneyu ndi wa ku Bwanje. Amakwera mtunda wonse uja wapansi kawiri pamwezi, nagona kwa mng'ono wake pano pa boma, kuti aphunzire kuluka.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu. "Kwathu ku Bwanje nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa ndi kutentha. Munthu akavala chimenecho kumeneko, mawa lake tikukamuika."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. A Nangozo okha ndiwo sanaseke.

"Nanga inu mukuvutikiranji kuluka, ngati kwanu nkotentha?"

"Yanga ikupita ku Joni. Kumeneko akuti kumazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa. Kuli bambo wina wa m'mudzi mwathu akubwerera ku migodi mwezi wa mawa, ndiye anditengera."

Tonse nkhani ya a Namaseko timaidziwa. Amuna awo adapita ku migodi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kalata yomaliza idabwera mwana wawo wamng'ono akadali kumsana, ndipo lero mwanayo amapita yekha kuchitsime. Kumudzi anthu ayamba kale kuwatchula bambowo kuti mtchona, ndipo achibale akuwauza a Namaseko kuti asiye kudikira. Juzi imeneyi ndiyo kalata yawo yotsiriza. Ikapita osayankhidwa, iwo eni akuti adziwa kuti banja latha.

Anamasula mfundo ya nsalu yawo natulutsa mpira wa ulusi wofiirira, wopotanapotana. Unali wa juzi yakale ya amuna awo, yomwe adaisiya itabooka m'zigongono. Anaimasula yonse, nachapa ulusiwo, naukulunga.

"Akauona auzindikira," anatero.

"Ulusi wakutha chonchi sungakhale patebulo pamaso pa Dona," anayankha a Nangozo, osaugwira n'komwe.

Tisanathe za ulusi, buku linatipatsa vuto lina. Linati tiyambe tayeza chifuwa cha mwini juzi ndi tepi. Apa tinayang'anana. Mwa amayi onse tinali pakhondepo, amene amuna awo amagona pakhomo sitinafike ndi theka lomwe. Ena ali ku Joni, ena ku Halale, ena m'minda ya azungu kutsidya kwa malire. Tepi inalipo, chifuwa choti tiyeze ndiye panalibe.

"Palibe vuto," anatero a Nangozo, nkhope ili ngwee. "Ine ndawayeza kale bambo a kunyumba. Tonse titsate muyeso womwewo, zikafanane."

Amene mudafikako ku boma a kalalikiwo mukuwadziwa. Ndi munthu wabwino, sindikuwanena. Koma mimba yawo imalowa mu ofesi iwo akadali pakhonde. Ndiye taganizani, amayi a Ntcheu, akumtunda ndi akuchigwa, atakhala pansi miyezi iwiri, maso kuwawa, zala kutupa, onse kulukira mimba ya munthu mmodzi. Mwamuna wokumba miyala pansi pa nthaka adyanji kuti adzaze juzi ya munthu wokhalira mpando?

"Ovomereza akweze manja," anatero a Nangozo.

Manja anakwera, limodzilimodzi. Langa linakwera lachitatu. Musandifunse kuti bwanji, ndinena ndekha. Amuna anga ndi mphunzitsi, ndipo makalata awo onse a ntchito amadutsa patebulo la a kalaliki. Ndinaona kuti kudana ndi akazi awo chifukwa cha ulusi nkudziputira mavuto. Ndi mantha basi, palibe dzina lina.

A Namaseko dzanja sanakweze. Anaimirira, nafika pakati pa khonde, natambasula manja awo kutsogolo, nawakumanitsa zala ngati akukumbatira munthu.

"Amuna anga ndi awa," anatero. "Bweretsani tepiyo muyeze."

Tinayamba kuseka, koma chisekocho chinathera panjira. Mayiyo sankachita nthabwala. Anaima chomwecho, manja ali m'malere, nasendezako pang'ono dzanja lamanja mpaka anakhutira kuti afika pamene ankafika kale. Ndinatenga tepi pamwendo pa a Nangozo osapempha, ndi kuizunguliza mkati mwa manjawo. Ndikuwerenga mainchesi, ndinaona amayi ena awiri aimirira kumbuyo, nawonso manja ali chikumbatire, kudikira tepi.

"Zachikunja zimenezo, pakhonde la sukulu!" anakalipa a Nangozo, nalanda tepi. "Amene satsata buku, juzi yake sidzaonetsedwa."

"Zikomo mayi," anatero a Namaseko. "Woti aione yangayi sali ku boma."

Tsono ndikufunseni, owerenga. Matenda amenewa tidawatenga kuti? Chinthu chikangokhala m'buku la mzungu, nzeru zathu timazivula ndi kuzisiya pakhomo. Taonani anyamata athu a m'maofesi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo ali mu jekete ndi taye, thukuta lili kamukamu, akuti ndiko kutsogola. Taonani amayi ena ogula zipewa za nthenga zopita nazo kutchalitchi, pobwerera chipewa m'manja chifukwa pamutu pafunika mtolo wa nkhuni.

Dona ine sindimuimba mlandu kwambiri. Iye fumbi la kuno amaliona pawindo la galimoto, ndipo mwina akuganiza kuti mwamuna aliyense amabwera kunyumba madzulo kudzamwa tiyi. Koma a Nangozo adabadwira kuno. Mlongo wawo weniweni ali ku migodi. Amadziwa bwino lomwe kuti midzi yathu yatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba. Buku litangofika m'manja mwawo, zonsezi anaziiwala. Ndipo ife otsalafe, odziwa zomwezo, tinakweza manja.

Chionetserocho chidzachitikira pa bwalo lomwe lija amuna athu amaimapo pamzere ndi ziphaso zawo ponyamuka ulendo wa kumigodi. Pamenepo padzayalidwa majuzi oyera, aakulu mofanana, a amuna amene kulibe. Azungu adzawomba m'manja, nanena kuti amayi a Ntcheu atsogola. Chionetsero chikadzatha, majuziwo adzavala ndani? A kalaliki ali ndi thupi limodzi lokha.

Titabalalika ndinawathamangira a Namaseko pa njira yotsikira kwa mng'ono wawo. Anali atayamba kale kuluka akuyenda, masipoko ali ketekete, mpira wa ulusi uli m'khwapa. Ndinafuna kupepesa za dzanja langa lija, koma m'malo mwake ndinayamba kuwalangiza, monga timachitira anthu ophunzira tikachita manyazi.

"Mayi, zaka zisanu ndi chimodzi nzambiri. Amene amabwera kuchokera ku migodi timawaona, amabwera ataonda, ena akutsokomola. Muyeso wa m'manja mwanuwo ndi wakale. Bwanji muchepetseko zala ziwiri kapena zitatu?"

Sanaleke kuluka.

"Ndikudziwa, mayi aphunzitsi. Ndiluka mmene adachokera pakhomo panga. Ikakawakulira, akaone okha mmene atheramo kumeneko, abwere kwawo kukadali chotsala."

Ndinaima pomwepo, iwo napitirira.

Ulusi woyera ndinakagula Lachitatu, monga tinapanganira. Pofika nawo kunyumba unali utayamba kale kufiira. Uli mu dengu, sindinauyambe. Amuna anga ali pakhomo pompano, ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndi munthu wowonda ngati bango, ndipo ine mwini wake ndinavomera kuwalukira juzi ya mimba ya mwamuna wa wina. Mayi wa ku Bwanje, amene sanaone amuna ake zaka zisanu ndi chimodzi, muyeso wawo akuudziwa.

Nanga inu, chimene mwagwira m'manjamo mukuluka, munayeza yani?