Injini ya Pikapu ya Bambo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene achimwene anga a Fakisoni anandiwomba mbama anthu akuona, pa siteji ya Luchenza. Tinkakangana za pikapu yakale imene malemu bambo anatisiyira. Bambo anali dalaivala pa esiteti ya tiyi, ndipo galimotoyo anaigula kwa bwana wawo popuma ntchito. Pofika m'manja mwathu inali itatopa. Pachitunda inkatsokomola, anthu a matola n'kumatsika kukaikankha.

A Fakisoni ankafuna kuchotsa injiniyo n'kuikamo ya dizilo ya minibasi. Ine ndinkati injini ya bambo ikhale momwemo, tingoiwonjezera mphamvu: kukuza masilinda, kuika mapisitoni atsopano ndi kabureta yaikulu.

"Ukudziwa chiyani iwe, sipanala wayamba kugwira dzulodzuloli?" anatero, mbama n'kutsatira.

Ndinatsanzika amayi ndi mawu amodzi okha, akuti munthu asakhudze injiniyo mpaka ndidzabwere ndi zipangizo.

Ku Joni ndinapeza ntchito pa galaja ya mkulu wina wa ku Mozambiki, wokonza magalimoto akalekale a anthu olemera. Kumeneko ndinaona injini zamakedzana zikudzuka n'kumabangula, ndipo mtima wanga unauma kwambiri pa maganizo anga aja. Malipiro anali ochepa, lendi n'kudya theka. Amayi akaimba foni kupempha ya feteleza, ine ndinkayamba ndafunsa za injini. Ndinkatumiza pang'ono, yotsala n'kumagulira zipangizo chimodzichimodzi. Lamlungu ndinkakhala ndekha m'kanyumba ka malata, kupukuta mapisitoni, wolankhula naye palibe. Ndinkasowa kwathu mpaka kulira, koma kubwerera chimanjamanja ndinkakuopa kuposa njala.

Tsiku lina masana kunabwera gulu la anthu losaka alendo, zibonga ndi zikwanje zili m'manja. Anathira petulo pagalajapo n'kuyatsa. Mnzanga Yohane wa ku Mulanje anamugenda njerwa m'mutu, anagwa pafupi ndi geti ndipo sanadzukenso. Ine ndinathamangira chikwama cha zipangizo n'kuchigonera. Anandiponda mpaka nthiti kuthyoka, wina n'kunditema paphewa. Anandisiya poganiza kuti ndafa. Nditachira pang'ono ndinakwera basi, ndilibe zovala zosinthira, koma chikwama chili pamiyendo.

Mpaka lero kukazizira nthitizo zimandikumbutsa, makamaka nyengo ya chiperoni.

Nditafika kumudzi ndinapeza pikapu ili pabwalo, itasenza nthochi zopita ku Bvumbwe, ikulira dizilo. Sindinalonjere munthu. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kupeza injini ya bambo ili pansi pa mtengo wa mapeyala, yadzimbiri, nkhuku zikuyendapo. A Fakisoni anabwera akupukuta manja.

"Wafika, mphwanga? Ndinadikira mpaka kutopa. Ana sangadye kudikira."

Ndinatola chitsulo cha jeke n'kuwamenya nacho. Iwo anatchinga ndi dzanja lamanja ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Anandigwetsa ndi mutu, tinagubuduzana m'matope, anandiluma khutu, ine ndikuwamenyabe kunkhope. Alamu ankakuwa, ana akulira. Anatileretsa ndi anthu ochokera kothyola tiyi, madengu ali kumsana. Magazi anali paliponse, anga ndi awo, osadziwika ndi a yani.

A Fakisoni atatengedwa kupita kuchipatala, amayi anandiitana pakhonde. Sanandikalipire. Anandifunsa chimene chinali m'chikwama, ndipo ndinawaonetsa mapisitoni aja akunyezimira.

"Ndiye mufuna kuphana chifukwa cha chitsulo chili kuseriko?"

"Ndi injini ya bambo, amayi."

"Ya bambo ako iti? Galimoto ija inabwera kuno mochita kukokedwa, injini yake itafa kalekale. Imeneyo bambo ako anakaitola ku galaja ya esiteti, m'galimoto ina yogubuduzika, n'kuikamo okha. Iwe unali kumsana kwangaku. Akanakhala moyo akanaitaya okha, sankasunga chinthu chakufa."

Khutu linkadontha magazi. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire nthawi yonseyo.

"Unandifunsapo? Iwe unkangolamula."

Dzanja la a Fakisoni silinawongoke bwino. Zala sizigwira chiwongolero, ndipo galimotoyo ndiyo inkadyetsa banja lawo ndi amayi omwe. Ankhoswe ndi amalume atakhala pansi anagamula kuti woyendetsa ndikhale ine, phindu lizipita kunyumba kwa a Fakisoni. Sindinatsutse.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimanyamula nthochi ndi anthu kudutsa m'minda ya tiyi kupita ku Bvumbwe. Injini ya dizilo ija imakwera zitunda zonse osatsitsa munthu, ndipo zimandiwawa kuvomera. A Fakisoni amakhala pambali panga, dzanja lopuwala lili pamwendo, akulandira ndalama ndi lamanzere. Chichokereni kuchipatala sananditchule dzina. Tikayandikira chitunda amangoti, "Giya," ine n'kusintha.