Chitsulo cha pa Mtengo wa Mango

Pepala lija ndikadali nalo. Mayi wina wa mumsika wa ku Cuamba anandikulungira nalo mtedza wokazinga. Linali tsamba long'ambidwa m'magazini ya Chipwitikizi, ndipo pakati pake panali chithunzi cha ndege yosenza chimbale chachikulu pamsana. Ndinaliwerenga m'chapa, minibasi ya kuno, ulendo wonse wobwerera, ngakhale mafuta a mtedza anali atadetsa mawu ena.

Tsambalo linkafotokoza za gulu la asilikali a panyanja amene ntchito yawo si kuwombera. Kale zombo zankhondo zinkadzidzimutsidwa ndi ndege za adani zouluka pafupi ndi madzi, chifukwa makina oonera patali a m'chombo sankaziona mpaka zitafika pafupi. Ndiye anaganiza zokweza makinawo kumwamba. Ndege ya chimbale imanyamuka pachombo n'kumazungulira maola ambiri, ndipo ikaona mdani akadali kutali imauza anzake apansi. Mafuta akachepa imatera ina itakwera kale, kuti kumwamba kusasowe woyang'ana.

Ine ndinakulira ku Malawi, kumene makolo anga anathawira nkhondo, ndipo ndinaphunzira kumeneko mpaka kukoleji ya aphunzitsi. Mtendere utabwera ndinabwerera kwathu kudzera pa Mandimba, ndinapatsidwa sukulu yofolera udzu ku Ngauma, ndipo ndinakwatira m'mudzi momwemo n'kukhala chikamwini. Mkazi wanga ndi abale ake sanathawe. Zaka zonse za nkhondo anathera pomwepo, kugona kutchire, kukacha kubwerera kumunda.

Ndinamuwerengera tsambalo akutong'ola chimanga pakhonde, mimba itayamba kuoneka.

"Ndiye aphunzitsi mwadabwa nazo zimenezo?" anatero. "Anthu achita kugula ndege kuti igwire ntchito ya bambo anga? Iwo ankakwera phiri ndi chinangwa chimodzi basi."

Anandiuza kuti nthawi ya nkhondo amuna anayi ankasinthana pamwamba pa phiri la kuseri kwa mudzi. Akaona fumbi kapena utsi ankakupiza nsalu yoyera, ndipo wina pansi ankamenya chitsulo, chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi.

"Koma sumangomenya," anatero. "Kamenyedwe kalikonse kali ndi zake. Ukamenya..."

Ndinamudula mawu. Ndinkafuna kumuuza kutalika kumene ndegeyo imafika.

"Chabwino, ulukani," anatero akuseka, n'kupitiriza kutong'ola.

Chinali chaka cha masankho oyamba. Mphekesera inali ponseponse yakuti oluza abwerera kutchire, ndipo m'nyumba zambiri munali kamtolo komangiratu kuseri kwa chitseko. Ine ndinkaona ngati mantha a anthu osawerenga nkhani.

Tsikulo linali Loweruka, dzuwa litakwera, mudzi wonse uli kuminda kukonza mizere mvula isanagwe. Ndinkachonga makope pamene mkazi wanga anandiitana kuchipinda. Kunali kutatsala mwezi kuti achire. Kapulana yake, chitenje chimene anavala, inali itanyowa magazi, ena akuyenderera pamphasa. Pankafunika azamba, ndi amuna anayi oti amunyamule pamachila mpaka kumsewu wa ku Mandimba. Ndekha sindikanatha. Minda inali yomwazikana, ndipo kuthamangira munda umodzi kunali kusiya ina yonse.

Ndinakumbukira chitsulo. Ndinathamangira kumtengo wa mango, ndinatola nyundo imene inkakhala pamphanda, ndipo ndinamenya mmene amamenyera munthu amene mkazi wake akutaya magazi, mofulumira, osapumira.

Pamtengopo minda ya kudambo inkaoneka. Ndinaona anthu akuweramuka. Ndinaona makasu akugwa pansi, amayi akutola ana. Kenaka anayamba kuthamanga, koma osati kubwera kwa ine. Ankalowera kuphiri. Ndinaganiza kuti sakudziwa kumene kulira kukuchokera, ndipo ndinamenya mwamphamvu koposa. Ndinakuwa, ndinakupiza malaya. Sindinadziwe kuti malaya anga oyera akuwonjezera.

Anabwera munthu mmodzi yekha, apongozi anga aamuna. Chikwatirireni tinali tisanagwiranepo dzanja kapena kudyera pamodzi, monga mwa ulemu wa kuno. Tsikulo anandigwira mkono n'kuupotokola mpaka nyundo inagwa.

"Akamwini, mwaona chiyani? Akuchokera mbali iti?"

"Palibe asilikali. Ndi mwana wanu. Akutaya magazi."

Anandiyang'ana kamphindi. Anatola nyundo, anamenya katatu, anapuma, anamenyanso katatu.

"Kosalekeza n'kwakuti thawani," anatero osandiyang'ana. "Mwawathamangitsa nonse. Ndipo sabwera ndi chitsulo chokha."

Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake. Nthawi ina ya nkhondo anthu a mfuti anagwira womenya chitsulo n'kumukakamiza kuitana mudzi. Kuyambira pamenepo anapangana kuti akathawa asamabwerere kufikira atamva mawu a mlonda weniweni akuwaitana. Choncho apongozi anayenera kukwera phiri okha, kuyenda phanga ndi phanga akutchula anthu maina. Azamba anali atathawira kutali kuposa onse, chifukwa ankadziwa phanga lina la kuseri.

Ndinabwerera kunyumba. Ndinang'amba nsalu zonse zimene ndinapeza. Milomo ya mkazi wanga inali itayera.

"Munali inu mumamenya?" anafunsa.

"Ndinali ine."

"Ndinadziwa. Ndikanatha kuimirira, nanenso ndikanathawa." Anayesa kuseka. "Katatu, aphunzitsi. Katatu, n'kupuma."

"Akubwera. Bambo apita kukawatenga."

"Apita kuphiri? Ndiye atenga nthawi. Khalani pansi, mukundizunguza mutu."

Ndinakhala pansi. Mthunzi wa nkhokwe unachoka pakhomo n'kufika pa mpanda ndikuuyang'ana. Ndinatuluka kasanu kukasuzumira njira. Ndinayesa kumubereka, koma magazi anawonjezeka, ndipo ndinamugonekanso.

Anthu anafika dzuwa litapendeka, akupuma mwabefu, ena minga ili m'miyendo. Palibe anandifunsa kanthu. Azamba analowa, anatuluka msanga, n'kunena kuti tinyamule. Tinamanga machila a nsungwi ndi makapulana awiri. Ine ndinagwira kutsogolo. Titawoloka kamtsinje, msewu ukuoneka kale, azamba anati tiike pansi. Mwana sanabadwe.

Maliro a mkazi wanga atatha, akuluakulu a banja anandiuza kuti ndine womasuka kubwerera kwa makolo anga. Ndinapempha kutsala chifukwa cha sukulu. Chifukwa chenicheni sindinachinene, ndipo iwo sanandiumirize.

Tsamba lija ndalibwereza kambirimbiri. Limanena za woona patali, za kutalika ndi maola. Silinena mmene apansi amaphunzirira kumva zimene akuuzidwa, kapena chimene chimachitika wochenjeza akakhala mlendo. Mwina zinali patsamba lotsatira, limene anakulungira mtedza wa munthu wina.

Patapita milungu itatu ndinapita kwa apongozi. Ndinakhala pansi chapatali, monga kale.

"Bambo, ndiphunzitseni kamenyedwe konse."

Anapota fodya, koma sanamuyatse.

"Ndinkayesa anakuuzani iyeyo," anatero.

"Anayamba kundiuza."

Anadzuka, ndipo ndinawatsatira kumtengo wa mango. Kamenyedwe kanalipo kanayi: kothawa, koitana, ka moto, ka maliro. Sanamenye chitsulo, poopa kudzidzimutsa anthu. Anagogoda ndi chala pa khungwa la mtengo, ine ndikubwereza pambuyo pawo. Sizinatenge nthawi yokwana kuwiritsa madzi.