Njinga Inatsamira Nkhokwe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, choncho mundipirire.

Chitaganya chitangoyamba kumene, ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Fodya ankandikanika, koma bangwe ndinkayimba. Mwini sitolo wina wachisilamu ankandikhazika pakhonde pake tsiku la msika, n'kumandipatsa mchere, sopo ndi waya watsopano wakale akaduka. Apongozi ankati kuyimbako ndi ulesi. Mwini sitoloyo ankaseka: "Alekeni, achimwene. Khasu aliyense ali nalo, nanga zala zimenezi?"

Dzinja lina mwana wanga wamkazi anatupa miyendo ndi nkhope. Ataona kuti ndasowa pakhonde, mwini sitoloyo anabwera yekha kumudzi ndi njinga yake.

"Mukwezeni mwanayu, mupite naye kuchipatala cha amishoni," anatero. "Njinga mudzabweza akachira. Ndipo kuyimba musaleke, wodwala amalimba mtima akamamva mawu a bambo ake."

Koma kwathu mkamwini sachoka ndi mwana wodwala popanda mawu a mwini mbumba, ndipo atsibweni ake a mwanayo anali ku Kasiya. Apongozi anati tidikire. Mkazi wanga anangondiyang'ana. Ndikanadzuka, iye akanabereka mwana n'kunditsata, ndikudziwa. Ine ndinaopa kunenedwa kuti mkamwini wakula mtima. Njinga ija ndinaitsamiritsa pankhokwe.

Pa mawu awiri a mwini sitolo aja ndinasankha opepuka. Ndinakhala pamphasa n'kumamuyimbira mwanayo.

"Ababa, ija ya njiwa," ankatero. Ndikamaliza, "Ababa, mwalakwitsa, bwerezani."

Kenaka analeka kupempha, n'kumangogwedeza chala. Atsibweni pobwera anamva kulira akadali kudambo.

Mwini sitolo anafika pamaliro ndi nsalu yoyera, yodula pampukutu wake. Njinga anaiona pomwe ndinaisiya, nkhuku zitaipitsa pachishalo. Titachoka kumanda anandigwira dzanja.

"Pepani, achimwene. Mtima ukakhala pansi mubwere pakhonde. Malo anu sindikhazikapo wina."

Akanandikalipira, mwina bwenzi nditapeza pomuyankhira.

M'mawa mwake ndinamasula waya yense pabangwe, n'kumukulunga, n'kumumangirira pachiwongolero. Njingayo sindinaikwere. Ndinaikankha mpaka ku Nsaru, n'kuitsamiritsa pakhonde sitolo isanatsegulidwe, ndipo ndinabwerera njira yakuseri kuti tisakumane.